Wobvulala Msana Akatuluka M'cipatala, Musamutsekere M'nyumba

Aliyense wokhala mu Lusaka adziwa kuti munthu akathyoka mafupa pa ngozi, mapazi a abale ake amaloza ku Longacres ndi ku Ridgeway. Ku Longacres, mu mseu wa Dunduza Chisidza, kuli cipatala ca mafupa cija ambiri amaciti ca Mataliyana, cimene dzina lake tsopano ndi St John Paul II Orthopaedic Mission Hospital. Kamtunda pang'ono kucoka pamenepo kuli cipatala cacikulu ca UTH, kumene amatumiza anthu obvulala kwambiri ocokera m'zigawo zonse za dziko lino.

Pa cipata ca UTH nthawi zina mudzaona izi: takisi yaima, amuna atatu anyamula mnyamata ndi kumukhazika pa mpando wa kumbuyo, njinga ya olemala aipinda ndi kuiika m'buti, amai ake agwira pulasitiki ya mankhwala ndi timapaipi ta mkodzo. Abale ali kumwetulira cifukwa wodwala wao, amene wagona miyezi m'wodi, watuluka ali moyo. Kukondwa kumeneko n'koyenera. Koma a dotolo ndi a fiziyo adziwa cinthu cimodzi cimene mabanja ambiri sacidziwa: nchito yaikulu iyamba pamene takisi ija yafika pakhomo ku Kabwata, ku Chelstone, ku Mtendere kapena ku Kanyama.

Pa tsamba lathu la za umoyo lero tikamba za munthu wobvulala msana amene wabwerera kunyumba. Cimene tifuna mumvetse ndi ici: amene watsekeredwa m'cipinda ca kumbuyo amafooka ndipo amafa msanga, koma amene wabwerera pakati pa anthu, kumsika, ku chalichi, kusukulu kapena kunchito, angathe kukhala ndi moyo zaka zambiri. Kuti afike kumeneko pafunika banja, anansi ndi komboni yonse.

KODI CACITIKA NDI CIANI M'THUPI?

Mkati mwa mafupa a msana mumapita mtsempha waukulu wofewa, wocokera ku bongo kutsika mpaka camunsi mwa msana. Kunenepa kwake kuli ngati cala cacing'ono ca kudzanja. Umagwira nchito monga nthambo ya malaiti. Ndiwo umapereka uthenga wa bongo ku manja ndi ku miyendo kuti ziyende, ndiponso umabweza uthenga wa khungu, wa cikhodzodzo ndi wa matumbo kupita ku bongo. Mtsempha umenewu ukaphwanyika, uthenga umalekera pamalo pobvulalapo. Kunsi kwake thupi limaleka kuyenda, limaleka kumva, ndipo munthu satha kudziwa nthawi ya mkodzo kapena ya cimbudzi.

Mafupa a m'khosi alipo 7, a kumbuyo kwa cifuwa 12, a m'ciuno 5. Amene wabvulala m'khosi amafooka manja ndi miyendo yomwe. Amene wabvulala kumbuyo kwa cifuwa kapena m'ciuno amafooka miyendo, koma manja amakhala ndi mphamvu zao zonse.

Zimene zimabweretsa bvuto limeneli tizidziwa: ngozi za pa mseu, kugwa pa nyumba yomangidwa kapena mu mtengo wa mango, kugwa utasenza katundu wolemera pamutu, kulasidwa ndi mpeni kapena mfuti, ndiponso cifuwa ca TB cikalowa m'mafupa a msana. Si ufiti, si tsoka la makolo, ndipo si matenda opatsirana. Mungathe kudya naye m'mbale imodzi. Nzeru zake ziri monga kale.

Ngati mtsempha sunaduke wonse, mphamvu zina zimabwerera, makamaka m'miyezi 6 yoyamba, ndipo ena amapitiriza kupeza bwino mpaka caka kapena kuposerapo. Koma kufikira lero palibe mankhwala, a cizungu kapena a cikuda, amene amalumikiza mtsempha woduka. Mabanja ambiri agulitsa katundu kupereka kwa anthu olonjeza kuti wodwala adzaimirira m'masiku atatu. Ndalama zimenezo zikanagula matiresi abwino, njinga yoyenera ndi simenti yokonzera pakhomo. Mphini pa khungu losamva zimasanduka zilonda zobvuta kupola.

CIMENE CIMAPHA SI MSANA

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linanena mu 2013 kuti caka ciri conse anthu a pakati pa 250,000 ndi 500,000 amabvulala mtsempha wa msana. Linanenanso kuti anthu otere ali pa ngozi ya kufa msanga kuwirikiza kawiri mpaka kasanu poyerekeza ndi anzao, ndipo ngozi imeneyi ndi yaikulu koposa m'maiko osauka. Ambiri safa ndi kubvulala kwenikweniko. Amafa pambuyo pake, ali kunyumba, ndi zilonda za pabedi, matenda a mkodzo ndi a m'cifuwa, zinthu zimene zingapewedwe.

Kale ngakhale ku Ulaya zinali conco. Munthu wothyoka msana anali kuonedwa monga woyembekezera imfa. Mu 1944 dotolo wina, Ludwig Guttmann, anatsegula wodi ya anthu otere pa cipatala ca Stoke Mandeville ku England. Analamula kuti odwala atembenuzidwe maola awiri ali onse, usana ndi usiku, kuti mkodzo usamalidwe bwino, ndiponso kuti aliyense acoke pabedi, aphunzire nchito ya manja ndi kucita masewera. Odwala ake analeka kufa monga kale. Pa 29 July 1948 anacititsa mpikisano woponya mibvi wa anthu 16 okhala pa njinga, ndipo mpikisano umenewo ndiwo unabala masewera a Paralympics, amene anacitika koyamba ku Rome mu 1960. Dziko la Zambia linalowa masewera amenewa mu 1996 ku Atlanta, pamene Lango Sinkamba anapikisana pa njinga yake.

Onani kuti zimene anacita dotolo uja sizifuna makina odula. Zifuna manja, nthawi ndi kusatopa. Zonsezo ziripo m'makomboni mwathu.

SAMALANI KHUNGU TSIKU LIRI LONSE

Munthu wamphamvu akakhala nthawi yaitali pa benci amamva kuwawa ndi kusuntha. Wobvulala msana samva kanthu. Magazi amaleka kufika pamene fupa lipanikiza khungu, ndipo mnofu umayamba kufa kucokera mkati. Cilonda cingayambe pa usiku umodzi, koma kupola kwake kumatenga miyezi. Munthu wa cilonda pa matako saloledwa kukhala pa njinga, motero sangatuluke panja. Ici ndico cifukwa cake tiyamba ndi khungu.

1. Pabedi, mtembenuzeni maola awiri ali onse, usiku womwe. Ikani pilo pakati pa maondo, ndi ina kunsi kwa miyendo kuti zidendene zisagunde matiresi.

2. Pa njinga, adzinyamule ndi manja, kapena apendekeke kutsogolo ndi m'mbali, mphindi 15 mpaka 30 ziri zonse. Amene manja ake ndi ofooka athandizidwe.

3. M'mawa ndi madzulo yang'anani matako, fupa la kumunsi kwa msana, mbali za ciuno, akakolo ndi zidendene. Iye mwini agwiritse nchito kalilole. Pa khungu lathu lakuda kufiira sikuoneka bwino, cotero funani malo amene ada kuposa pena, onyezimira, otentha kapena olimba.

4. Mukapeza malo otere, asagonere kapena kukhalira pamenepo kufikira pabwerere mwakale. Musatikite. Khungu likang'ambika pitani ku kiliniki tsiku lomwelo. Musathire phulusa, mafuta a galimoto kapena mankhwala a zitsamba.

5. Zogonera zikhale zouma ndi zopanda makwinya. Musamukhazike pa cubu ca galimoto, cifukwa cimatsekereza magazi mozungulira.

6. M'nyengo yozizira ya June ndi July cenjerani ndi mbaula. Ambiri apsa mapazi osadziwa. Madzi osamba ayesedwe ndi munthu wakumva, ndipo mbale ya nsima yotentha isaikidwe pa miyendo.

Khungu limafunanso cakudya. Nyemba, kapenta, mazira, nsawa, soya ndi ndiwo zamasamba zimamanga thupi. Fodya amacedwetsa zilonda kupola.

MKODZO NDI CIMBUDZI: TIKAMBE MOSABISA

Nkhani iyi ambiri amacita nayo manyazi, koma ndiyo imatsekera anthu m'nyumba kuposa miyendo. Munthu amene aopa kudzinyowetsa pa gulu sadzapita ku chalichi ngakhale mutamugulira njinga yatsopano.

Ena amatuluka m'cipatala ndi kapaipi kokhalitsa m'cikhodzodzo ndi thumba lake. Thumba likhale kunsi kwa ciuno nthawi zonse, kapaipi kasapindike, ndipo kasinthidwe pa tsiku limene a nesi ananena, osadikira kuti katsekeke. Ena amaphunzitsidwa kulowetsa kapaipi, kutulutsa mkodzo ndi kukacotsanso, maola 4 mpaka 6 ali onse. Njira iyi imapatsa munthu ufulu woyenda, koma ifuna kusamba m'manja ndi sopo nthawi iri yonse.

Musamumane madzi poopa kucapa. Kumwa pang'ono ndiko kumabweretsa matenda ndi kuononga impso. Amwe pafupifupi malita awiri pa tsiku, pokhapo ngati a dotolo ananena zina, ndipo madziwo akhale owiritsa kapena othira kolorini. Thupi likatentha, akayamba kunjenjemera, mkodzo ukacita mbuu, ukanunkha kwambiri kapena ukaoneka magazi, thamangani naye ku kiliniki.

Matumbo amaphunzira nthawi. Sankhani ora limodzi, tsiku liri lonse kapena kulumpha tsiku limodzi, patapita mphindi 20 kapena 30 atadya, ndipo citani monga anakuphunzitsani ku wodi. Cibwabwa, kalembula, bondwe, repu, papaya ndi madzi okwanira zimafewetsa m'mimba. Pakapita masabata angapo thupi limazolowera, ngozi za m'zobvala zimacepa, ndipo munthu amalimba mtima kutuluka.

CIZINDIKIRO CA NGOZI

Amene anabvulala m'khosi kapena kumtunda kwa cifuwa ali ndi ngozi ina imene banja lonse liyenera kuidziwa. Mwadzidzidzi mutu umawawa kwambiri ngati ukung'ambika, nkhope imatuluka thukuta, mphuno zimatsekeka, maso amaona zinthu mbuu. Ndiye kuti BP yakwera kwambiri cifukwa kunsi kwa thupi kuli cinthu cosautsa cimene iye sacimva. Kawirikawiri cimakhala cikhodzodzo codzaza, kapaipi kotsekeka, cimbudzi couma, cilonda kapena cobvala cothina.

Musamugoneke. Mkhazikeni tsonga, miyendo ilende pansi. Masulani lamba, nsapato ndi zonse zothina. Onani kapaipi ndipo tulutsani mkodzo. Ngati mutu suleka m'mphindi zocepa, pitani kucipatala msanga, pakuti bvuto ili lingathe kubweretsa sitoroko kapena imfa.

KONZANI NYUMBA ASANAFIKE

Tiyerekeze bambo wa zaka 35 amene anali kuyendetsa minibasi, ndipo tsopano wabwerera ku nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Pakhomo pali masitepe awiri, citseko n'copapatiza, cimbudzi ciri kuseri kwa nyumba ndipo agwiritsa nchito mabanja anai. Kuti aone dzuwa pafunika amuna awiri omunyamula. Sabata yoyamba anansi amabwera. Ikafika sabata yacitatu aliyense ali pa nchito zake, ndipo bambo uja amatha mwezi osatuluka. Si miyendo imene yamutsekera. Ndi masitepe awiri aja.

Zambiri zingakonzedwe ndi ndalama zocepa. Citseko cikhale cotambalala masentimita 80 kapena kuposa, kuti njinga ipite. M'malo mwa masitepe pangani njira yotsetsereka ya simenti kapena ya matabwa olimba. Muyeso wake ndi uwu: pa sentimita imodzi ya kukwera, masentimita 12 a kutalika. Sitepe ya masentimita 15 ifuna njira yotalika masentimita 180. Ikafupika kuposa pamenepo njinga ingagudubuke cagada.

Bedi ikhale yolingana ndi mpando wa njinga kuti azisamuka yekha. Ngati ndi yaifupi, ikani njerwa kunsi kwa miyendo yake. Mpatseni cipinda ca pafupi ndi khomo, osati ca kumapeto. Kapu, foni, wailesi ndi zobvala zikhale pamene dzanja lake lifika.

Ngati cimbudzi ndi cokumba, kalipentala wa pamsika angapange mpando wa matabwa woboola pakati, wokhala ndi zogwirira m'mbali, woika pamwamba pa dzenje kapena pa ndowa. Pokhalira pake pakhale pofewa. M'nyumba zakale za khansolo zimene zimbudzi zake ndi zopanikiza, kucotsa citseko ndi kuika nsalu nthawi zina kumakwanira. Amene akhala m'mafulati a pamwamba, monga a ku Kabwata, ayese kukambirana ndi anansi kapena eni nyumba kuti asinthane ndi a pansi.

Kwa inu alandilodi tikuti: njira yotsetsereka siononga nyumba. Mawa idzathandiza agogo anu, kapena inu nomwe.

NJINGA IKHALE YA MUYESO WAKE

Njinga iri ngati nsapato: ya mnzako siikukwana. Mu 2008 bungwe la WHO linatulutsa malangizo akuti munthu ayesedwe coyamba, apatsidwe njinga ya muyeso wake pamodzi ndi khushoni yoteteza zilonda, ndipo aphunzitsidwe kuiyendetsa ndi kuikonza. Njinga yaikulu kwambiri imapotoza msana. Yothina imatupula m'ciuno. Njinga yopanda khushoni ndi njira ya kucilonda.

Njinga zambiri za mphatso zinapangidwira pansi posalala pa m'cipatala, ndipo pa miyala ndi matope a m'komboni sizikhalitsa. Poona bvuto limeneli, mu 1991 anthu olemala a muno mu Lusaka anayambitsa Disacare, malo opangira ndi kukonzera njinga zolimba zoyenera miseu yathu, za zitsulo zopezeka konkuno. Funsani a fiziyo kumene mungayesedwe ndi kupeza njinga yotere. Njinga ya matayala ofanana ndi a njinga yopalasa iri ndi ubwino wakuti wokonza njinga wa pa kona angathe kuimata ndi kuimanga masipoko.

Musaleke masewera olimbitsa thupi amene munaphunzitsidwa. Mfundo zonse za miyendo zipindidwe ndi kuongoledwa tsiku liri lonse kuti zisaume. Ngati UTH iri kutali, funsani za fiziyo pa cipatala ca pafupi, monga ca Levy Mwanawasa kwa okhala ku Chelstone ndi madera a kum'mawa, kapena zipatala za Chilenje, Chawama, Kanyama, Matero ndi Chipata.

KUCOKA PAKHOMO KUPITA KWA ANTHU

Akatuluka pa geti amakumana ndi ngalande zosatseka, maenje, ndi madzi a mvula kuyambira November mpaka April. Kenaka pali minibasi. Makondakitala ena amapitirira munthu wa pa njinga poti acedwetsa ulendo, ena amalipiritsa njinga ngati munthu waciwiri. Ici cimacititsa ambiri kulephera ngakhale kubwerera kucipatala pa tsiku loonedwanso, cifukwa takisi ndi yodula. A dalaivala ndi a kondakitala, njinga ija ndiyo miyendo yake. Mphindi ziwiri zoipinda sizigwetsa bizinesi, ndipo inu amene mukhala pa mseu tsiku lonse ndinu oyamba kudziwa kuti ngozi siona nkhope.

Anansi angathe kucita zambiri popanda kutulutsa ngwee. Ikani thabwa lolimba kapena silabu pa ngalande ya pa geti. Anyamata a mpira asinthane masiku omuperekeza. Akulu a mpingo aone masitepe a pa chalichi, ndipo m'malo mongopita kukamupempherera kunyumba, amutenge adzapemphere ndi anzake. Ngati anali wa kwaya, mau ake sanabvulale. Ngati anali msungi wa ndalama za cilimba, mutu wake ukali kuwerenga. Muitaneni ku ukwati, ku maliro, ku nsolo, ndi ku milandu ya pabanja monga kale.

Polankhula, lankhulani ndi iye mwini, osati ndi womukankha. Musagwire njinga yake musanafunse. Muchuleni dzina lake, bambo Uje kapena amake Uje, osati "wolemala uja". Ana anu adzatengera kwa inu.

Mwana wa sukulu abwerere kusukulu. Kambiranani ndi a hedi kuti kalasi yake ikhale ya pansi ndipo cimbudzi cimodzi cikonzedwe.

BANJA NDI MTIMA

Lipoti lija la WHO linati mwa anthu 100 obvulala msana, 20 mpaka 30 amadwala matenda a kukhumudwa kwakukulu. Kulira ndi kupsa mtima m'miyezi yoyamba n'kwacibadwa. Koma ngati akana kudya, sagona, safuna kuona munthu, kapena anena kuti kuli bwino afe, musayese nthabwala ndipo musamusiye yekha. Uzani a kiliniki. Matenda amenewa ali ndi cithandizo, ndipo akatswiri ake ali ku cipatala ca Chainama Hills. Cinanso cimene cimathandiza kwambiri ndi kuceza ndi munthu amene wakhala pa njinga zaka zambiri. Iye amayankha mafunso amene wodwala acita manyazi kufunsa dotolo.

Cikwati sicitha cifukwa ca msana. Mkazi wobvulala msana amayambanso kusamba pakapita miyezi ingapo, angathe kutenga pakati ndi kubala, koma ayenera kuyamba sikelo msanga ndi kuberekera ku cipatala cacikulu. Kwa amuna mphamvu za m'nyumba zimasintha, mosiyanasiyana malinga ndi pamene anabvulala, ndipo pali thandizo limene a dotolo angapereke mukafunsa. Kulera ndi kudziteteza ku HIV zifunikabe monga kale. Acibale amene amanong'oneza mkazi kapena mwamuna kuti "ukali mwana, coka", adziwe kuti akuphwanya nyumba pa nthawi imene ifuna mzati.

Wosamala wodwala nayenso ndi munthu. Kawirikawiri nchito yonse imagwera mkazi mmodzi, amai kapena mwana wamkazi amene amasiyitsidwa sukulu. Munthu mmodzi sangadzuke maola awiri ali onse caka conse. Mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi monga banja, lembani masiku, ndipo amuna nawonso aphunzire kutembenuza ndi kunyamula. Ponyamula pindani maondo, osati msana.

Cikondi cina cimapundula. Ngati angathe kudya, kusamba kapena kubvala yekha, msiyeni acite, ngakhale atenge ora lathunthu. Ciri conse cimene mumucitira pamene iye angathe, mwamulanda.

LAMULO, NCHITO NDI NDALAMA

Dziko la Zambia linabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Persons with Disabilities Act, nambala 6, limene linalowa m'malo mwa la 1996. Lamulo limeneli liletsa kusala munthu cifukwa ca kulemala pa nchito, pa sukulu ndi pa cipatala, ndipo lifuna kuti nyumba zimene anthu onse amalowamo zikhale zofikirika. Bungwe la boma la Zambia Agency for Persons with Disabilities, kapena kuti ZAPD, ndilo limalemba anthu olemala ndi kuwapatsa khadi. Lembetsani, cifukwa khadi limeneli limafunsidwa popempha thandizo losiyanasiyana.

Ufulu umenewu si wa pa pepala cabe. Mu 2011 mai Sela Brotherton, m'malo mwa bungwe la mabungwe a anthu olemala la ZAFOD, anasumira bungwe loyendetsa masankho la ECZ cifukwa malo ambiri oponyera voti sanali ofikirika. Khoti Lalikulu linagamula kuti kumeneko kunali kusala anthu olemala, ndipo linalamula kuti zinthu zikonzedwe.

Pa za ndalama, yendani m'maofesi awa musanataye mtima:

1. Ngati anabvulala ali pa nchito, nkhani ipite ku Workers' Compensation Fund Control Board. Olemba nchito ayenera kupereka lipoti la ngoziyo.

2. Ngati anali kusonkha ku NAPSA, funsani za ndalama za munthu amene sangathenso kugwira nchito.

3. Ngati inali ngozi ya pa mseu, sungani lipoti la apolisi ndi makalata a cipatala, cifukwa a inshuwalansi ya galimoto adzazifuna.

4. Ku ofesi ya Social Welfare funsani za Social Cash Transfer, thandizo la boma limene linayambira ku Kalomo mu 2003. Mabanja osauka okhala ndi munthu wolemala kwambiri ali m'gulu la oyenera kulandira.

5. Kwa khansala wa dera lanu funsani za CDF. Kucokera mu 2022 thumba limeneli linakulitsidwa, ndipo liri ndi gawo lolipirira acinyamata maphunziro a nchito za manja ndi lothandiza magulu kuyamba malonda. Ku Ndola kuli sukulu ya National Vocational Rehabilitation Centre, yophunzitsa anthu olemala nchito zosiyanasiyana.

Thandizo la boma ndi locepa, silingadyetse banja mwezi wonse. Cimene cimabweza ulemu wa munthu ndi nchito. Kalaliki, mphunzitsi kapena wowerengera ndalama angabwerere pa nchito yake yakale ngati ofesi yakonzedwa pang'ono. Amene anali kugwira nchito ya mphamvu angaphunzire ina yocita atakhala: kukonza mafoni ndi mawailesi, kusoka zobvala kapena nsapato, kutumiza ndalama pa foni, kugulitsa pa kantemba. Bambo wa minibasi uja adziwa mseu ndi ndalama, angathe kusunga mabuku a eni mabasi kapena kugulitsa zitsulo za galimoto. Anansi, gulani kwa iye.

MUSANACOKE M'CIPATALA

Pomaliza, inu amene muli ndi m'bale m'wodi lero, musadikire tsiku lotuluka. Pemphani a nesi ndi a fiziyo kuti aphunzitse anthu awiri kapena atatu a m'banja kutembenuza, kunyamula, kusamala kapaipi ndi cimbudzi, ndipo muyese ndi manja anu iwo akuona. Funsani kumene mudzapeza timapaipi tina, tsiku lobweranso, ndi kiliniki imene idzamuona. Wina apite kunyumba akayese citseko ndi masitepe. Uzani a mpingo ndi anansi kuti abwera liti.

Ndipo akafika, pasathe sabata asanatuluke panja, ngakhale kungokhala pa mthunzi pa geti ndi kupatsa moni odutsa. Ulendo wa kumsika ndi wa kunchito umayambira pamenepo. Akulu anati lungalunga ndi pobadwa, cilema cicita kudza. Njira imene mukonzera mnansi wanu lero, simudziwa amene adzapitapo mawa.